Chigamba Chogawana

Duwa linafera m'manja mwawo. Silinali loyamba m'mawa umenewo.

Amaluwa analiponya m'kambale ka zotaya. Anapukuta zala pa epuloni. Anatsinanso shuga wokanda, namupsinja kuti apyapyale. Zala zinali zitanyowa kale. Shuga anamata ngati ulimbo.

"Uvuni wayakanso?" anafunsa mng'ono wawo ali kuseri.

"Uti?"

"Wanuwo. Wangawu ndikuuona."

"Tseka pakamwa, ubweretse fani."

Shopu inali yaing'ono. Kumanzere wosoka nsapato. Kumanja okonza mafoni. Pamwamba dokotala wa mano. Mabasi ankadutsa pafupi kwambiri moti makeke a pawindo ankanjenjemera. Eni ake anali awiri, a mimba imodzi. Wamng'ono ankaphika kuseri, makasitomala n'kumutcha Auvuni. Wamkulu ankakongoletsa kutsogolo. Ndiwo Amaluwa amenewa. Marozi awo a shuga ankapusitsa ndi njuchi zomwe.

Chaka chino kunabwera moto. Unkayambira pachifuwa. Kukwera khosi, kudzaza nkhope, kutsikira m'manja. Osagogoda. Thukuta kamukamu. Tulo tinathawa. Mawu ena ankasowa chiganizo chili pakati. Zonsezi Amaluwa akanapirira. Koma shuga wokanda sagwirizana ndi dzanja lotentha.

Ndipo panali keke imodzi yoti isalephereke. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, anali kukwatiwa. Keke yake Amaluwa anayamba kuipanga m'mutu mwanayo akadali kumsana. Yosanjikiza, yaitali, marozi akutsika kuchokera pamwamba mpaka pathebulo.

Belu la pachitseko linalira. Analowa mkwatibwiyo, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi. Kumbuyo kwake amake mkwati. Mayi wamtali, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito. Anayang'ana denga, pansi, mashelefu. Ngati akuyendera kalasi.

"Asewele, kuhotela amapanga izi," anatero akuonetsa chithunzi pafoni. "Sindikunyoza ayi. Kungoti alendo athu ndi anthu oyendayenda. Aona zambiri."

"Ifenso mabasi amatidutsa pakhomo," anatero Auvuni kuseri kuja.

"Mayi aang'ono," mkwatibwi anadandaula.

"Khalani pansi, asewele," anatero Amaluwa. "Ndikupangireni limodzi muone."

Anayamba bwino. Mtima wa duwa, masamba awiri oyamba. Kenako moto. Khosi linanyowa.

"Ndipatse kaja."

"Kachiyani, amayi?"

"Kaja ka... kaja."

Kanali kachitsulo kopindira masamba. Analigwiritsa ntchito dzina limenelo moyo wawo wonse. Linakana kutuluka. Manja ananjenjemera. Dontho la thukuta linachoka pachibwano, n'kugwera pakati penipeni pa duwa. Duwa linawerama, linagona.

Amake mkwati anayang'ana duwa. Anayang'ana mwini wake. Anabweza foni m'chikwama.

"Ndidzabweranso ukwati ukayandikira. Duwa limodzi lokha. Likadzakana, tidzaitanitsa kuhotela. Pasadzakhale kukhumudwitsana."

Belu linaliranso. Mkwatibwi anatsalira.

"Mawa tikupita kwa dokotala."

"Sindikudwala."

"Ndiye mukamuuze nokha kuti simukudwala."

Chipatala chinali pansanjika yachiwiri, pamwamba pa sitolo ya matayala. Mabenchi olimba. Wailesi yakanema yopanda mawu. Dokotala anali mayi wa imvi pang'ono, wolankhula mofulumira. Anawayeza kuthamanga kwa magazi. Anafunsa za mabere. Za magazi kuundana m'miyendo. Za mutu waching'alang'ala. Za matenda a malemu amayi awo.

"Msambo munasiya liti?"

"Kalekale. Chiberekero anandichotsa chifukwa cha zotupa."

"N'chifukwa chake zakudzidzimutsani. Chiberekero anachotsa, koma timatumba ta mazira anatisiya. Takhala tikugwira ntchito mwakachetechete. Tsopano tapuma. Mahomoni amene tinkapanga achepa. Motowo ndi umenewo."

"Ndiye ndakalamba."

"Mwafika pamene amafika aliyense. Tingabwezeretseko mahomoniwo pang'ono. Si onse amene amayenera mankhwalawa. Inu mukuyenera."

Anatulutsa kachigamba. Kozungulira, koonekera mkati, kukula ngati chivindikiro cha botolo. Kumata pantchafu kapena pathako, osati pabere. Kusintha kawiri pamlungu. Kudikira milungu ingapo.

"Kakang'ono chonchi?"

"Tsabola ndi wamkulu bwanji?"

Amaluwa anabwerera kushopu bokosi lili m'chikwama. Anapeza kutsogolo kulibe munthu. Kuseri, filiji ili yotsegula. Auvuni mutu uli mkati, pakati pa batala ndi mazira.

"Ukutani?"

"Ndikuwerenga mazira."

"Maso uli chitsinzinire?"

Auvuni anatulutsa mutu. Nkhope ili noninoni, bulauzi itamatirira kumsana.

"Yayamba liti?"

"Mwezi wa mphepo uja. Ndimati ndi uvuni. Koma Lamulungu uvuni sayaka, achemwali."

"Tiye kwa dokotala."

"Ine ayi. Kuchipatala umalowa ndi chimodzi, umatuluka ndi zitatu."

Amaluwa anaika bokosi pathebulo. Onse awiri analiyang'ana. Sipanafunike kukambirana.

Anakulira m'chipinda chimodzi, pamwamba pa malo ochapira zovala. Bulangeti limodzi. Chikwama cha sukulu chimodzi. Lamulo la malemu amayi awo linali losavuta: chilichonse cholowa m'nyumba chidulidwe pakati, wamkulu adule, wamng'ono asankhe. Sopo. Lalanje. Chofufutira. Anakula, anakwatiwa, mmodzi anaferedwa, mnzake anathawidwa, lamulo lili chikhalire. Mpaka lero ambulera inali imodzi. Magalasi owerengera amodzi, ankangopatsirana pawindo la pakati.

Amaluwa anatenga sizasi yodulira maliboni. Anaipukuta ndi sipiriti. Anadula chigamba pakati, bwinobwino, ngati keke ya ana awiri oyang'anitsitsa.

"Sankha."

Auvuni anavala magalasi aja. Anayerekeza matheka awiriwo.

"Ili n'lalikulu."

"N'ofanana."

"Ndatenga lomweli."

Milungu inapita. Moto unachepa, koma pang'ono. Kale unkabwera ngati lole. Tsopano ngati minibasi. Kugunda kunali komweko. Amaluwa anayesa kuviika manja m'madzi oundana. Zala zinkauma, duwa n'kutuluka ngati kabichi. Anayesa magolovesi. Thukuta linkasonkhana mkati ngati m'chikwama cha madzi. Anayesa kugwira ntchito mbandakucha. Moto unkadzukanso mbandakucha.

Makeke ena ankatuluka. A tsiku lobadwa, a kumaliza sukulu. Kilimu, zilembo, liboni, basi. Makasitomala akafunsa marozi, Auvuni ankati shuga wa chaka chino ndi wonyenga.

Makadi oitanira anthu anasindikizidwa. Diresi linayesedwa. Mkwatibwi anasiya kufunsa za keke. Ankangolowa, kuyang'ana kambale ka zotaya, n'kuyamba nkhani ya nsapato.

Tsiku lobwerera kwa dokotala, Amaluwa anapita okha.

"Mankhwala anu sakugwira."

"Ngakhale pang'ono?"

"Theka."

"Tingathe kuonjezera mphamvu. Koma tione kaye pamene mwamata. Mwina chikumatuka ndi thukuta."

Anakoka katani. Amaluwa anakweza siketi. Dokotala anawerama. Anayang'anitsitsa. Anakankha magalasi ake ndi chala.

"Ichi wadya ndani?"

"Palibe."

"Ndinakupatsani chozungulira ngati mwezi wathunthu. Uwu ndi wowoneka kumene. Theka linalo lili kuti?"

"Kushopu."

"Likutani kushopu?"

"Likuphika."

Dokotala anakhala pampando. Amaluwa anafotokoza zonse. Bulangeti, sopo, sizasi. Dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako kuseka kunatha.

"Mng'ono wanuyo chiberekero ali nacho?"

"Ali nacho."

"Achotse chigambacho lero. Chimenechi n'cha munthu wopanda chiberekero. Pachokha chimakulitsa khungu la mkati mwa chiberekero. Zikapitirira nthawi yaitali zingayambitse khansa. Iye afunika mankhwala achiwiri oteteza zimenezo. Komanso sindinamuyeze. Magazi ake sindikuwadziwa. Mabere ake sindikuwadziwa. Inu mwamupatsa mayankho anu a mayeso."

Amaluwa anatsitsa siketi pang'onopang'ono.

"Ndamupweteka?"

"Nthawi yake yafupika, sindikuyembekezera. Koma abwere ndimuone. Ndipo inu, chathunthu. Simunalephere mankhwala. Simunawayambe n'komwe."

Anamata chathunthu m'chimbudzi cha pachipatala pomwepo. Zinali ngati kudya mobisa.

Kushopu, Auvuni anali atatulutsa kale sizasi. Linali tsiku losintha.

"Bweza sizasi."

"Mwagula ina?"

"Sitidulanso. Ndipo lakolo uchotse."

Amaluwa ananena zimene dokotala ananena. Mawu onse, ndi loopsa lija. Auvuni anamva limodzi lokha.

"Ndiye mwamata nokha. Chonse."

"N'chifukwa cha moyo wako."

"Amayi akanakhalapo."

"Amayi sanadulepo mankhwala."

"Panado ankadula."

Anapita kuseri. Anachotsa theka lija, analimata pachivindikiro cha bini kuti lizioneka. Masiku otsatira anaphika osalankhula. Wailesi anaizimitsa. Makeke ankawakankhira pawindo la pakati ngati akupereka chakudya kwa mkaidi. Magalasi anawasunga m'thumba la epuloni. Tsiku la mvula anafika ndi ambulera yawoyawo, yatsopano, yofiira. Wosoka nsapato anaiona, nabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Moto wa Auvuni unabwerera wonse. Pafupi ndi uvuni weniweni. Thireyi imodzi inapsa. Ina anaiwala kuthira shuga. Filiji inkatsegulidwa kawirikawiri moti batala anayamba kufewa.

M'mawa wina Amaluwa anatembenuza chikwangwani cha pachitseko. Anazimitsa uvuni ndi dzanja lawo.

"Vula epuloni."

"Ndili ndi ntchito."

"Ine ndikhoza kupanga marozi zana. Ndiwaika pa chiyani? Pathebulo? Keke ya mwana wakoyu aphika ndani iwe uli m'filiji?"

"Mwana wanga mwamukumbukira lero."

"Amene anamuphunzitsa kutukwana ndi ndani? Ndi wako."

Auvuni anayang'ana pansi. Anamasula epuloni.

"Akandipeza ndi chinthu?"

"Tikachiona tonse."

Anakwera masitepe a pamwamba pa matayala aja atagwira lamba wa chikwama cha mkulu wawo. Dokotala anatukula mutu.

"Ndinu theka linalo?"

"Ndine."

Anawayeza zonse. Anafunsa mafunso omwe aja, mayankho ena n'kusiyana. Anawatumiza kukajambulitsa chiberekero. Kunalibe choopsa. Anatuluka ndi bokosi lawolawo la zigamba, ndi timapiritsi ta pogona toteteza chiberekero.

"Ndinanena ine," anatero Auvuni ali pamasitepe. "Ndalowa ndi chimodzi, ndatuluka ndi ziwiri."

"Chachitatu ndi ine. Yenda."

Tulo ndi timene tinayamba kubwerera. Kenako mawu. Amaluwa anadzuka tsiku lina dzina la kachitsulo kaja lili pakamwa. Manja anachedwa. Ankatentha, kuleka, kutenthanso. Duwa limodzi linaima, awiri anagwa. Kenako awiri anaima. Pashelefu youmitsira panayamba kudzaza. Okonza mafoni ankasuzumira pawindo. Mmodzi anafunsa ngati angagule limodzi la chibwenzi chake.

Amake mkwati anabwera okha. Masana otentha, phula la mumsewu likununkha. Sanaimbe foni. Anakhala pampando womwe uja, chikwama pamiyendo.

Amaluwa anatsitsa thireyi ya marozi ouma. Anaiika patsogolo pawo.

"N'okongola. Koma amene wapanga sindinamuone. Pangani ndikuona."

Kuseri kunati zii. Ngakhale supuni.

Amaluwa anasamba m'manja. Anapukuta. Anawaza ufa wosalala pathebulo. Mtima wa duwa. Tsamba loyamba. Lachiwiri analikulunga mozungulira. Zala zinkadziwa njira. Tsamba lina, lina, m'mphepete mwake mopindika pang'ono ngati khutu la mwana.

Kenako anaumva. Pachifuwa. Waung'ono, koma womwe uja.

Akanatha kuthamanga nalo. Masamba otsala anali ochepa. Ulendo watha uja anathamanga.

Anaika duwa pa siponji. Anakweza manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi.

"Dikirani pang'ono, asewele. Ndi moto wa ukulu. Wa kusiya msambo uja. Ndili pa mankhwala, koma nthawi zina umadutsabe kudzapereka moni. Upita posachedwa."

Amake mkwati anawayang'ana nthawi yaitali.

"Basi?"

"Basi."

"Ndi tsiku lijanso?"

"Tsiku lija unali pachimake."

"Ine ndimati mumamwa."

Kuseri thireyi inagwa pansi. Inazungulira, inazungulira, inagona.

"Kumwa chiyani?"

"Mowa, asewele. Maso ofiira. Manja kunjenjemera. Mawu kusowa. M'mawa wa dzuwa. Malemu bambo a kunyumba ankatero. Ndinati keke ya mwana wanga isadzagwe pamaso pa anthu."

Auvuni anatulutsa mutu pawindo la pakati.

"Achemwali angawa? Amaledzera ndi madzi a mandimu."

"Ndinauzako ndi alongo anga omwe," anatero amake mkwati. Anakanda kuseri kwa khutu. "Ndi akumpingo pang'ono."

"Pang'ono angati?"

"Ndikonza."

Amaluwa anafuna kukwiya. Manja anali m'mwamba. N'kovuta kukwiya manja ali m'mwamba. Anayamba kuseka, thukuta likutsikira m'khosi.

Amake mkwati anatenga katoni ya keke yopanda kanthu, anaiphwasula, anayamba kuwakupiza. Mwamphamvu, mwadongosolo.

"Ine unandigwira ndili kutsogolo kwa sukulu yonse. Ana ali pamzere. Ndinkati malungo. Ndinayezetsa malungo mpaka a labu anayamba kundibisalira. Za mankhwala palibe anandiuza. Ndinapsa mpaka unazima wokha."

"Osauza munthu?"

"Mphunzitsi wamkulu satuluka thukuta."

Moto unatsika. Unachoka kumaso, unachoka m'manja. Amaluwa anapukuta zala chimodzichimodzi. Anazigunditsa pa tsaya. Zozizira. Anatola duwa lija. Tsamba, tsamba, tsamba lomaliza. Analitembenuza, napinda m'mphepete ndi kachitsulo. Analipereka.

Amake mkwati anaimirira nalo. Anapita pawindo. Analiyang'ana pamwamba, pansi, kumbali. Basi inadutsa, galasi linanjenjemera, duwa lili chilili. Mosazindikira analifikitsa pamphuno. Anazindikira. Analitsitsa msanga.

"Oyera ayi," anatero.

"Mwati?"

"Diresi ndi loyera kale. Apikisana. Akhale achikasu pang'ono, ngati mkaka wowiritsa."

"Marozi a mwana wanga ndi oyera. Ndinasankha asanamere mano."

"Pazithunzi sadzaoneka."

"Adzaoneka kwa amene ali ndi maso."

"Keke ndi ya ana awiri, asewele."

"Wanuyo asankhe mtundu wa tayi."

Amake mkwati anaika duwa m'kabokosi, kabokosi m'chikwama. Sanapemphe. Anatulutsa foni, anafufuza nambala, anaiika kukhutu.

"Halo, kuhotela? Ndine uja wa keke ya ukwati. Ee. Musavutike nayo, tapeza kwina. Ayi, chakudya chokha."

Anatseka foni ndi chikhatho, natembenukira kuwindo la pakati.

"Inu a kuseri. Mumaika zipatso zouma mkati? Mwana wanga sadya zimenezo."

Auvuni anali atayatsa kale uvuni.

"Adzayamba," anatero.